Ka Bluetooth ka m'motoka ndi kogwirira foni, ndalama yake ikuyenera?

Tizipangizo tiwiri iti tadzaza m'mashopu a mafoni ku Down Shops ndi ku Kapata mu Chipata, ka Bluetooth kolowetsa poyatsira fodya m'motoka ndi kogwirira foni komata pa galasi. Ine ndili nato tonse tiwiri mu Spacio yanga, ndimayenda maningi pakati pa Chipata, Katete ndi Mwami, ndiye ndati ndikambeko zimene ndaona.

Ka Bluetooth ndakakonda, sindinama. Kagwiridwe kake nkosavuta, mumalumikiza foni ku kameneko ndiye iko kamaponya mawu pa FM, inu mungotsegula wailesi ya motoka pa nambala yomweyo basi munthu akaimba mumamumva m'masipika, kuyankha mungodina kabatani kamodzi manja abwerera pa sitelingi. Koma pali chinthu chimene ogulitsa sakuuzani. Mamotoka athu ambiri ndi ochoka ku Japan, ma Corolla, ma Vitz, ma Noah, ndipo wailesi yake imayambira pa 76 nkuthera pa 90, pomwe ka Bluetooth kamayambira pa 87.5 kukafika 108. Ndiye malo okumanirana ndi ochepa chabe, pakati pa 87.5 ndi 90. Mukaika pa 100 mudzangomva phokoso mumvekere andigulitsa chakufa, chonsecho nchabwinobwino. Sakani pomwe palibe siteshoni, chifukwa mukayandikira nambala ya Breeze FM kapena Radio Maria mawu amasokonekera. Yesani muli pomwepo pa shopu musanapereke ndalama.

Vuto lake ndi maiki. Mawindo akakhala otsegula, amene ali mbali inayo amangomva mphepo, ndiye mumayamba kukuwa. Potchaja foni napo pamachedwa.

Kogwirira foni ndiye kandikhumudwitsa. Ka labala kake sikalimba ndi dzuwa la mu Okutobala, pa mahampu a mu Katete kamasomphoka foni nkugwera kumapazi, ndipo apa mpamene pali ngozi yeniyeni chifukwa mtima umafuna kuwerama uitole motoka ikuyenda, mwinanso yalowa pansi pa buleki. Pa msewu wa fumbi musayese nkomwe. Kopanira pa mabowo otulukira mphepo kali bwinoko, bola.

Koma chondidetsa nkhawa ndi ichi. Foni ikakhala pamaso panu choncho ikuwala, WhatsApp ikulowa, meseji ya Airtel Money yabwera, maso amapita okha. Ndaona madalaivala anzanga akulemba PIN ya mobile money pa Great East Road ati poti foni ili pa kogwirira ndiye zili bwino. Ayi abale. Pa sipidi ya 80 motoka imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, mukayang'ana foni masekondi 3 mwadutsa mamita opitirira 60 osaona kutsogolo. Manje ganizirani msewu wathu mmene ulili, njinga zonyamula makala ndi matumba a chimanga m'mphepete, ma honda olowa osaimika, ana a sukulu pa Mtenguleni, ngolo za ng'ombe madzulo zopanda nyali, mabasi a ku Lusaka akuthamanga. Mamita 60 amenewo muli munthu.

Lamulo lathu la pamsewu, Road Traffic Act ya 2002, limaletsa kugwira foni m'manja mukuyendetsa, ndipo a RTSA, bungwe loona za pamsewu, ndi apolisi a traffic akakupezani mulipira. Ka Bluetooth kamakuthandizani pamenepo. Koma ngakhale manja ali pa sitelingi, nkhani ikakhala yolemera, ya maliro, ya ngongole, yokangana ndi akunyumba, mutu umachoka pa msewu. Ine zotere ndimangoti ndikuimbirani ndikaima, ndipo ndimapatukadi pa malo oonekera bwino, osati pa kona kapena pa phiri. Amene mumachokera ku Lusaka, musayese kuyankha foni m'makona a ku Manenekela, dikirani mukafike pa Luangwa Bridge pomwe mabasi amaima, muimbe mukudya nsomba.

Ka Bluetooth gulani, makamaka a mataxi amene makasitomala amakuimbirani tsiku lonse. Komata pa galasi siyani, ngati mufuna Google Maps tengani kopanira, muike kopita musanalize injini ndipo mutseke mawu a mameseji. Ine masiku ambiri foni imangokhala m'thumba la shati, ka Bluetooth kamaipeza konko.