Tracker ya pa njinga yamoto: chipangizo chabwino, wogulitsa ayi

Ndinagula ka tracker kolowa SIM, kachipangizo kokusonyezani pa foni pomwe njinga ili, pa shopu ina ku Limbe kuti ndiike pa njinga yanga ya kabaza yomwe imayenda Machinjiri. Pa mtengo wake onjezaniponso ndalama yoikira, yomwe mkulu wa pashopupo anadikira kaye amasule mpando wa njinga ndiye nkunditchulira. Munthu wake amayankha ngati wabwera kudzamupempha ngongole. Ndikumufunsa kuti kamagwira bwanji ntchito, iye maso pa foni, "amwene mungotsegula app basi."

Zoti SIM ili mkatimo imafuna bandulo yakeyake sananene. Kumva ma satellite a GPS nkwaulere, kachipangizoko kamadziwa kokha pomwe kali, koma kuti kakutumizireni malowo pa foni kamadalira netiweki ya SIM ija, ndiye bandulo ikatha mapu amangouma. Yanga inauma pa Kameza tsiku lonse mpaka tinatsala pang'ono kuyambana ndi mnyamata woyendetsa, ine kuganiza kuti wakhala pansi osagwira ntchito chonsecho mwana wa eni ali pamsewu. Kumuimbira wogulitsa uja, osayankha. Anandifotokozera ndi makaniko wanga wa ku Ndirande. Ikanakhala nthawi imeneyo ndikulemba ndemangayi bwenzi ndikuti musagule.

Koma mverani izi. Usiku wina foni kulira, mnyamata uja akulankhula mopuma movutikira kuti anthu awiri omwe anawatenga ngati makasitomala amugwetsa nkuthawa ndi njinga. Nditafunsa ngati wavulala akuti mabala a m'manja okha, ndiye kutsegula app, kadontho kakuyenda! Kadutsa Chirimba, kalowa msewu wa M1 kulunjika ku Lunzu. Manja akunjenjemera ndinatumiza SMS yothimitsa injini, kuyang'ana pa mapu njinga ikuthamangabe, ine kutukwana wogulitsa uja ndi mtundu wake wonse kuti wandigulitsa chinthu chabodza. Kani kaja kamadikira liwiro litsike pansi pa makilomita 20 pa ola kuti wokwerayo asagwe mwangozi, ndiye atangochepetsa liwiro penapake injini inathimadi. Kuchokera apo kadontho kanayamba kukwawa pang'onopang'ono, kusonyeza kuti akuikankha, kenako kunabwera uthenga woti batire ya njinga yachotsedwa. Akuba aja ankaganiza kuti amaliza nazo, osadziwa kuti mkati mwa tracker muli kabatire kakekake komwe kamapitiriza kwa kanthawi.

Ndinapita kupolisi ndi foni m'manja, ndipo musayerekeze kulondola nokha anthu amenewa amakhala ndi zikwanje. Pomwe kadontho kanaimira panali nyumba zothinana, ndipo apa ndi pomwe kamafookera: njinga ikalowa pansi pa malata GPS siimvanso bwino, imangokusonyezani pomwe inamva komaliza. Tinagogoda nyumba yolakwika kaye, mayi wina nkutiuza kuti anamva anthu akukankha chinthu kuseri. Tinaipeza mu kanyumba kosamaliza, nambala pleti atachotsa kale, magalasi palibe, mawaya a pa switch atadula. Anthu ake anathawa. Koma njinga ndi imeneyo, ikugwira ntchito pano.

Tsono chipangizocho ndikuchipatsa nyenyezi 4. Imodzi ndachotsa chifukwa app yake imachedwa kutsegula netiweki ikavuta, komanso njinga ikaima masiku angapo osaliza kamayamwa batire. Mukagula sinthani password yomwe kamabwera nayo, ambiri amangokhala 123456 ndipo wina aliyense wodziwa nambala ya SIM atha kukuthimitsirani njinga pamsewu. SIM ikhale yolembetsa m'dzina lanu osati la mwini shopu. Woyendetsa muuzeni kuti muli tracker, koma malo omwe mwakabisa ayi.

Ndinabwerera ku Limbe kuja kukamuuza mkuluyo kuti katundu wake wandipulumutsa, mwina nkuseka naye. Yankho lake: "ndinakuuzani ine," kenako kuyamba kunditsatsa ina ya galimoto, yomwe ndilibe. Njinga yachiwiri ndikagula ndiikanso tracker yomweyi, koma akaika ndi makaniko wa ku Ndirande uja.