Nginx patatha miyezi 10 pa kaseva ka 1GB

Papita miyezi 10 chisamutsireni system yolandirira ma oda ya bizinesi yathu kuchoka pa Apache kupita pa Nginx (onsewa ndi mapulogalamu a pa seva amene amapereka masamba a website kwa anthu), ndipo kunena zoona sindikuganiza zobwerera.

Seva yake ndi VPS (seva yochita lendi pa intaneti) yaing'ono, RAM (memory) 1GB basi, Ubuntu 22.04, app ndi ya Laravel, yolembedwa m'chilankhulo cha kompyuta cha PHP. Timalipira mu madola ndiye mmene forex ikuvutiramu zokweza pakeji panalibe, tinayenera kukwana momwemo. Nthawi ya Apache memory imadzadza anthu akangochuluka kumapeto kwa mwezi, poti ndinali pa prefork ndi mod_php, kutanthauza kuti process iliyonse ya Apache imanyamula PHP yonse olo munthu akungofuna kachithunzi kamodzi. Nginx simatero, ma worker ake ochepa amagwira ma connection ambirimbiri nthawi imodzi, zithunzi ndi CSS imapereka yokha, za PHP zokhazo ndi zomwe imaponyera ku PHP-FPM, pulogalamu yapadera yoyendetsa PHP. Chiyambireni site sinakakamirepo chifukwa cha kuchuluka kwa anthu.

Koma masabata oyamba ndinatuluka nayo thukuta. Nginx siwerenga .htaccess (fayilo ya malamulo ya Apache) ngakhale pang'ono, ma rewrite onse (malamulo olondolera ma link) ndinalembanso mu server block, gawo la config ya Nginx, ndipo try_files, lamulo louza Nginx kofufuza mafayilo, ndinaimvetsa patadutsa masiku angapo. Kenako makasitomala anayamba kudandaula kuti chithunzi cha risiti chikukana kukwera, ikubwera error 413, kumangopezeka kuti client_max_body_size, malire a kukula kwa zimene munthu angakweze, imabwera ili pa 1MB pomwe zithunzi za mafoni a masiku ano zimaposa pamenepo. Mzere umodzi wokha unakonza, koma ma oda a tsiku limenelo ena anatidutsa ndipo zinandiwawa.

Error ya 502 Bad Gateway ndaionapo kawiri, ulendo wonse vuto silinali la Nginx, PHP-FPM ndi imene imafa memory ikatha. Ndinatsitsa pm.max_children (malire a ma process a PHP-FPM) nkuwonjezera swap (malo a pa disk ogwira ntchito ngati memory), mpaka lero ziii.

Chomwe ndimaikondera Nginx kwambiri ndi command ya nginx -t. Ukasintha config umayamba wayesa kaye, ikakuuza kuti zili bwino ndiye upange reload, ndipo amene ali pa site sadziwa nkomwe kuti wagwirapo. Satifiketi ya chitetezo cha site (HTTPS) yochokera ku Let's Encrypt imatha pa masiku 90 koma pulogalamu ya certbot imaikonzanso yokha, sindinaigwirepo ndi kamodzi komwe.

Ngati muli pa shared hosting (seva yogawana ndi ena) ndipo zonse mumadalira .htaccess musavutike nazo, khalani pomwepo. Koma wa VPS yaing'ono ngati yangayi ayese, angopatula Loweruka limodzi lowerenga ma config asanasamutse.