GitHub Actions: kuyesa library pa Windows, Linux ndi macOS muli ku Mangochi

Olemba mapulogalamu ambiri kuno ku Mangochi ali ndi laputopu imodzi ya Windows, Mac ndiye kuipeza nkovuta. Choncho nkovuta kuyesa library (khodi yomwe ena amaigwiritsa ntchito m'mapulogalamu awo) pa Windows, Linux ndi macOS. GitHub Actions, chida cha webusayiti yosungira khodi ya GitHub choyendetsa mayeso chokha, imatseka mpata umenewu, ndipo pa ntchitoyi ndi yodalirika.

Mumaika fayilo ya malangizo ya YAML mu foda ya .github/workflows, nkulemba matrix (mndandanda wa makompyuta oyeserapo) ya ubuntu-latest (Linux), windows-latest ndi macos-latest. Mukangopanga push (kutumiza khodi yanu ku GitHub), mayeso amayenda pa makompyuta a GitHub, choncho bandulo simatha, ndipo magetsi akathima ntchito imapitirirabe. Musaiwale fail-fast: false, apo ayi mayeso akalephera pa kompyuta imodzi, pa zinazo amaimitsidwa musanaone zotsatira.

Ubwino wake weniweni uli pa zolakwika zomwe imavumbula. Linux imasiyanitsa Data.csv ndi data.csv, pomwe Windows ndi macOS nthawi zambiri sizitero. Windows imamaliza mzere ndi zizindikiro za CRLF, mosiyana ndi Linux ndi macOS, choncho ikani fayilo ya .gitattributes yowongolera zimenezi. Choopsa kwa ife Amalawi ndi chilembo cha ŵ. Python pa Windows ikatsegula fayilo popanda encoding="utf-8" kawirikawiri imagwiritsa ntchito cp1252, ndondomeko ya zilembo momwe ŵ mulibe, ndiye kungolemba "Malaŵi" pulogalamu imagwa ndi UnicodeEncodeError. Pa Linux simungalione vutoli.

Zodandaulitsa zilipo. Pa Windows malamulo amayenda mu PowerShell pokhapokha mutalemba shell: bash, ndipo kufufuza cholakwika pa kompyuta yomwe simukuigwira kumachedwetsa. Pa repository (malo osungira khodi yanu) ya public, GitHub Actions ndi yaulere; za private zimapatsidwa mphindi 2,000 pamwezi pa akaunti yaulere, ndipo macOS imazidya msanga kwambiri, choncho mayeso a macOS ayendetseni pa branch ya main (nthambi yaikulu ya khodi) pokha.