Miyezi 9 ndikuweta mbuna m'thanki ya galasi ku Mufakose

Patha miyezi 9 chigulireni thanki ya galasi ya malita 200 yowetera mbuna (nsomba zokhala m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi) imene ili pabalaza pathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ndipo tsopano ndingathe kunena zoona zake, chifukwa yadutsa m'chisanu cha Juni ndi Julayi komanso m'kutentha kwa Okutobala. Ndinaigula mu Febuluwale pamodzi ndi fyuluta yosefera madzi, nyale ndi hita ya mawati 200, ndisanawetepo nsomba ngakhale imodzi. Galasi silinadonthepo, ndipo zipangizo zonse zikugwirabe ntchito. Koma chimene ndaona n'chakuti ubwino wa zipangizo suthandiza kanthu ngati munthu sanamvetse zimene zimachitika m'madzimo.

Ndinaphunzira zimenezi nsomba zitafa kale. Wogulitsa pa sitolo ina m'tauni anandiuza kuti ndikhoza kuikamo nsomba tsiku lotsatira nditathira madzi, ndipo ndinaikamo 8 nthawi imodzi. Pasanathe masiku 10 zitatu zinali zitafa, pamene zotsalazo zinkangokhala pamwamba zikuyasamula kukamwa. Chimene chinandisokoneza n'chakuti madzi anali oyera mbee. Nditagula timabotolo toyezera madzi m'pamene ndinaona kuti munadzaza amoniya, poizoni wosaoneka ndi maso amene amachokera m'thupi mwa nsomba, ku ndowe zake ndi ku chakudya chotsala. M'thanki yokhwima mumakhala mabakiteriya, makamaka mu siponji ya fyuluta, amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yomwe siopsa kwambiri ndipo imachepa munthu akamasintha madzi. Kuti mabakiteriyawa achuluke pamatenga masabata 4 mpaka 6, ndiye m'thanki yanga yatsopano munalibe chotetezera nsombazo. Zisanu zotsalazo ndinazipulumutsa posintha gawo la madzi tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu, ndipo mpaka lero zimandipweteka mtima kuti zitatu zija zinafa chifukwa cha phuma langa.

Kuyambira pamenepo siponji sindiitsuka pa mpope. Ndimaifinya m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, chifukwa madzi a m'mipope ya Harare, amene ambiri amachokera ku Lake Chivero n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, amathiridwa klorini, ndipo klorini imapha mabakiteriya pamodzi ndi nsomba zomwe. Wogwiritsa ntchito madzi a pa mpope ayenera kuthiramo kaye mankhwala ochotsa klorini. Ine ndimatunga pa mjigo, ndipo nditawayeza madziwo ndinapeza pH (muyezo wa asidi m'madzi) pafupifupi 7.8, zimene zinagwirizana bwino ndi nsomba zanga, popeza madzi a Nyanja ya Malawi nawonso si a asidi, pH yake imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. Mijigo imasiyana dera ndi dera, choncho aliyense ayeze madzi ake asanasankhe nsomba.

Ndinasankha mbuna za mtundu wa Labidochromis caeruleus, zachikasu zokhala ndi mzere wakuda pa chipsepse cha pamsana, zimene kwawo ndi cha ku Nkhata Bay. Mwa mbuna zonse, izi ndi zina mwa zofatsa, komabe yaimuna imalanda phanga lake n'kumathamangitsa zinzake, motero miyala iyenera kukhala yambiri kuti yothamangitsidwayo ipeze pobisala. Zomera zimene ndinabzala zinazulidwa zonse pasanathe mwezi. Ndalama imeneyo ndinangoitaya, bola ndikanagula mchenga ndi miyala yowonjezera.

Vuto lenileni la kuno ndi magetsi. Akathima kwa maola ambiri fyuluta imaima, mpweya umachepa m'madzi, ndipo mabakiteriya aja amayamba kufa. Pamwamba pa izo, Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kotero kuti usiku wa Juni kumazizira zedi, pamene nsombazi zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27. Usiku wina magetsi atathima kuyambira masana, ndinaona chida choyezera kutentha chikutsika mpaka 21, nsomba zitaunjikana pansi pa mwala umodzi osagwedezeka. Ndinafunditsa thankiyo mabulangete awiri, n'kuyandamitsamo mabotolo a madzi ofunda amene ndinatenthetsa pa gasi. M'mawa mwake ndinakagula kapampu ka mpweya koyendera mabatire, ndipo pa zonse zimene ndagula palibe chandithandiza kuposa kameneka. Apa m'pamenenso ndinayamikira kukula kwa thanki, chifukwa madzi ambiri amachedwa kuzizira komanso amachedwa kuwonongeka. Woyamba kumene amaganiza kuti kathanki kakang'ono ndiko kosavuta, koma si choncho.

Mu Seputembala nsomba imodzi inasiya kudya, kukhosi kwake kutatupa, ndipo ndinada nkhawa kuti yadwala. Agogo anga, amene anabadwira ku Mangochi n'kubwera kuno ali mnyamata kudzafuna ntchito, anaiyang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anati, "Mdzukulu wanga, musaivutitse imeneyo, yafungatira ana m'kamwa." Ananenadi zoona, chifukwa mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu osadya. Tsiku lina madzulo ndinaiona italowa pakati pa miyala iwiri n'kulavula tiana ting'onoting'ono, timene tinabalalika n'kubisala m'ming'alu. Tinayi tapulumuka, ndipo tayamba kale kuoneka tachikasu. Agogo amakoka mpando wawo madzulo alionse n'kukhala pafupi ndi galasilo, akumandifotokozera za miyala ya ku Monkey Bay imene ankasambirapo.

Ntchito yake tsopano siivuta. Loweruka lililonse ndimachotsa malita 50 n'kuthiramo ena, ndimapala ndere pa galasi lakutsogolo, ndipo ndimayeza madzi kawiri pa mwezi. Chakudya ndimapereka chochepa, choti chithe m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Nditati ndiyambirenso, ndingagule thanki yomweyi, koma ndingaisiye ikhwime masabata 6 opanda nsomba, ndikumathiramo kachakudya pang'ono kuti mabakiteriya apeze poyambira, ndipo kapampu ka mabatire ndingakagule tsiku loyamba lomwelo.