Motherwell Homestead ku Saskatchewan: malo oyenera kuwayendera mosathamanga

Malo a mbiri a Motherwell Homestead, amene amasamalidwa ndi bungwe la Parks Canada, ali pafupi ndi Abernethy m'chigawo cha Saskatchewan m'dziko la Canada, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku mzinda wa Regina. Ndinapitako m'nyengo yotentha, pakuti amatsegulidwa m'miyezi yofunda yokha, ndipo ndinabwerako wokhutira kwambiri.

William Richard Motherwell, mlimi amene anali mwini malowa, anafika kuno mu 1882 kuchokera ku Ontario, pa nthawi imene lamulo la 1872 linkapatsa munthu maekala 160 atangolipira madola 10, malinga akhalepo ndi kulimapo kwa zaka zitatu. Tisaiwale kuti nthakayi inali ya anthu a mitundu ya Cree ndi Saulteaux, ndipo boma linaitenga kudzera m'pangano la 1874 la ku Fort Qu'Appelle. Alendo ambiri amathamangira nyumba yake ya 1897, yomangidwa ndi miyala yotoledwa m'deralo, ndipo ndi yokongoladi, makamaka chifukwa ogwira ntchito amavala zovala za masiku amenewo ndi kufotokoza moleza mtima mmene banja linkaphikira ndi kusamalira ziweto.

Koma kwa ine chuma chenicheni cha malowa chili panja. Motherwell anagawa bwalo lake m'zigawo zinayi, cha nyumba, cha khola, cha dimba ndi cha madzi, ndipo anazitchinga ndi mizere ya mitengo imene anabzala m'dziko la udzu wokhawokha. Ndinaima kunja kwa mzere umodzi, mphepo ikukankha malaya anga ndi kuweramitsa udzu, kenaka ndinalowa masitepe ochepa chabe m'kati, ndipo kunali bata moti ndinkamva kulira kwa nkhuku kuchokera kukhola. Mitengoyi sinabzalidwe chifukwa cha mthunzi wokha: m'nyengo yachisanu inkagwira chipale chofewa chouluzika ndi mphepo, ndipo chikasungunuka, madzi ake ankathera m'dziwe lokumba lomwetsera ziweto. Munthu akaona dziwelo ndi maso ake amamvetsa kuti mlimi wa kuno ankawerengera dontho lililonse.

Nkhani ina yofunika ndi ya kugoneka munda. Njirayi, imene Angus MacKay, mkulu wa munda woyeserera wa boma ku tauni ya Indian Head, anailimbikitsa, inali yosiya gawo la munda osabzala kwa chaka chathunthu, uku akulitembenuza ndi pulawo kuti udzu usamwe chinyezi chimene tirigu wa chaka chotsatira adzafune. Ndi zosiyana ndi tsala la kwathu, limene timalisiya kuti limere thengo. Motherwell anaifalitsa kwambiri atakhala nduna yoyamba ya zaulimi ya Saskatchewan, ndiponso pambuyo pake nduna ya zaulimi ya dziko lonse la Canada. Komabe nthaka yosiyidwa pambalambanda imauma ndi kusanduka fumbi, ndipo pa chilala cha m'ma 1930 mphepo inakokolola dothi lachonde la minda yambirimbiri, mpaka boma linakhazikitsa bungwe lokonzanso minda mu 1935.

Amene akufuna kupitako akhale ndi galimoto, avale chipewa ndi nsapato zoyendera pa udzu, ndipo apatule maola osachepera atatu, theka lake akuyenda pakati pa mitengo ndi m'mbali mwa dziwe.