Basi yofiira ya City Sightseeing ku Cape Town: kodi ndi yoyenera ndalama zake?

Amalawi ambiri amene amafika ku Cape Town amakhala atapitira ntchito, maphunziro kapena kukaona achibale, ndipo si zachilendo kupeza munthu amene wakhala mumzindawu kwa zaka zingapo koma sanakwerepo phiri la Table Mountain, ngakhale kuti amaliona m'mawa uliwonse akamapita ku ntchito. Chifukwa chake n'chomveka. Mzindawu unamangidwa mozungulira phiri, malo ochititsa chidwi ali motalikirana, ndipo kwa munthu amene alibe galimoto, kulumikiza maminibasi, sitima ndi mabasi a MyCiTi kuti aone malo anayi kapena asanu pa tsiku limodzi ndi ntchito yotopetsa. Apa ndi pamene pamalowera basi yofiira yosanjikiza ya kampani ya City Sightseeing, imene pamwamba pake palibe denga mbali yaikulu, ndipo maganizo anga ndi akuti kwa mlendo wofika koyamba palibe njira ina yoposa imeneyi, malinga ngati akudziwa kuigwiritsa ntchito komanso akuzindikira zimene basiyi singamuonetse.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Mumagula tikiti ya tsiku limodzi kapena ya masiku awiri, pa intaneti kapena pa maofesi awo amene ali ku V&A Waterfront, pafupi ndi Two Oceans Aquarium, komanso mumsewu wa Long Street pakati pa mzinda. Tikitiyo imakulolani kutsika pamalo alionse amene basi imaima, kukhala pamenepo nthawi imene mukufuna, n'kukweranso basi yotsatira popanda kulipira china. Mukamakwera amakupatsani timahedifoni timene mumalumikiza pafupi ndi mpando, n'kusankha chiyankhulo chimene mukufuna kumvera mbiri ya malo amene mukudutsa. Chichewa palibe, koma Chingerezi chake n'chodekha ndiponso chomveka bwino, moti ngakhale ana a sukulu amatha kutsatira. Njira zazikulu zilipo ziwiri: yofiira, imene imazungulira mzinda, phiri ndi gombe la kumadzulo ndipo imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka ngati simutsika paliponse, ndi ya buluu, imene imazungulira kuseri kwa phiri mpaka ku Hout Bay ndipo imatenga maola opitirira awiri.

Langizo langa loyamba ndi lakuti musapange dongosolo la tsiku musanayang'ane phiri. Chikepe choyenda pa chingwe chimene chimakweza anthu pamwamba pa Table Mountain chinayamba kugwira ntchito mu 1929, ndipo chimaimitsidwa mphepo ikakula. Mphepo ya ku Cape Town, makamaka imene imachokera kum'mwera chakum'mawa m'miyezi ya chilimwe, imatha kuyamba masana thambo lili lowala bwinobwino, ndipo ikayamba imakokera mtambo woyera pamwamba pa phiri mpaka kulikuta lonse. Choncho mukadzuka n'kuona kuti pamwamba pali poyera, kwerani basi yoyamba ya njira yofiira n'kulunjika kumeneko, zina zonse zidikire. Tikiti ya chikepe ndi yapadera, ndipo ndi bwino kuigula pa intaneti kuti musaime pamzere kawiri. Chikepecho chimanyamula anthu 65 nthawi imodzi, ndipo pansi pake pamazungulira pang'onopang'ono pamene chikukwera, moti palibe chifukwa cholimbirana pawindo chifukwa aliyense amaona mbali zonse asanafike pamwamba.

Nsonga yaitali ya phirili ndi mamita 1,086. Kwa munthu amene anakwerapo Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, chiwerengerochi chingamveke chochepa, koma Table Mountain inaima pafupi kwenikweni ndi nyanja ya mchere, kotero kuti kutalika kwake konse mumakuona ndi maso kuchokera pamadzi mpaka pamwamba. Mukaima m'mphepete mumaona doko lonse, bwalo la mpira limene linamangidwira mpikisano wa dziko lonse wa 2010, phiri losongoka la Lion's Head, ndi chilumba cha Robben Island chili phee pakati pa madzi. M'miyala mumakhala mbira zonenepa zimene zinazolowera anthu, zimabwera kudzaothera dzuwa pafupi ndi mapazi anu, ngakhale kuti kuzipatsa chakudya n'koletsedwa. Tengani juzi ngakhale pansi kukutentha, chifukwa pamwamba pamazizira kwambiri.

Kuchokera paphiri basi imatsetsereka kulowera ku Camps Bay, ndipo gawo limeneli lokha ndi lokwanira kuti munthu akhutire ndi ndalama imene walipira. Khalani pamwamba pa basi. Msewu ukangokhota, kutsogolo kwanu kumatseguka nyanja ya Atlantic, mchenga woyera, ndi mndandanda wa nsonga za mapiri zotchedwa Twelve Apostles. Anthu ambiri amatsika pano n'cholinga chosambira, koma amadabwa akangoponda m'madzi, chifukwa ndi ozizira mobaya m'mafupa ngakhale mu Januwale, kaamba ka mtsinje wa madzi ozizira wa m'nyanja wotchedwa Benguela umene umayenda m'gombe la kumadzulo. Amene anazolowera kusambira ku Senga Bay kapena ku Mangochi asayembekezere zofanana ndi zimenezo. Malo odyera a m'mbali mwa msewu wa ku Camps Bay ndi okwera mtengo, ndipo ngati m'thumba muli mochepa ndi bwino kungoyenda pamchenga kwa kanthawi, n'kukwera basi yotsatira imene imadutsa ku Clifton ndi ku Sea Point, kumene kuli njira yaitali ya oyenda pansi m'mphepete mwa nyanja ndipo kuyendamo n'kwaulere.

Tikiti ya tsiku limodzi sindikuilimbikitsa, pokhapokha ngati mulibiretu nthawi. Phiri lokha limadya theka la tsiku, basi zimasiya kuyenda madzulo dzuwa la chilimwe likadalipo, ndipo zimazungulira mbali imodzi yokha, moti mukadutsa malo amene mumafuna kutsika muyenera kuzungulira njira yonse kuti mufikenso pamenepo. Ndi masiku awiri, tsiku lachiwiri mumalipereka ku njira ya buluu, imene kwa ine ndi yabwino kuposa yofiira ngakhale kuti basi zake sizibwera pafupipafupi. Imatuluka mumzinda n'kudutsa pafupi ndi chipatala cha Groote Schuur, kumene Christiaan Barnard anachita opaleshoni yoyamba padziko lonse yoika mtima wa munthu mwa munthu wina mu 1967, kenako n'kufika ku munda wa Kirstenbosch umene unakhazikitsidwa mu 1913 pofuna kusunga zomera za m'dzikolo. Pano musachite changu. Polowa mumalipira padera, koma maola awiri kapena atatu amatha osadziwa, makamaka mukakwera pa mlatho wokhotakhota wa matabwa ndi zitsulo umene umadutsa pamwamba pa mitengo, kumene mumayenda nthambi zili m'munsi mwanu ndipo phiri lili pamphuno. Kupitirira apo pali polumikizira basi ina yopita ku minda ya mphesa ya Constantia, kuphatikizapo Groot Constantia imene inayamba mu 1685. Amene samwa vinyo akhoza kudumpha gawo limeneli popanda kutaya zambiri.

Ku Hout Bay ndi kumene muyenera kudyera chamasana. Padoko pamanunkha nsomba, mabwato a asodzi amakhala atakocheza pafupi, ndipo akatumbu a m'nyanja amasambira m'mbali mwa mabwatowo kudikira matumbo a nsomba amene asodzi amataya. Itanitsani nsomba yotchedwa snoek ndi tchipisi. Ndi nsomba yaitali, yamafuta, yokhala ndi minga zazitali zosavuta kuchotsa, ndipo mtengo wake ndi wotsika kusiyana ndi wa ku Waterfront kapena ku Camps Bay.

Musanafike padokopo, basi imaima pa Imizamo Yethu, dera la nyumba za malata zothithikana pa chitunda, moyang'anizana ndi nyumba zikuluzikulu za anthu olemera za m'chigwa chomwecho. M'derali mumakhala Amalawi ambiri amene amagwira ntchito m'nyumba, m'minda ya maluwa ndi m'malo odyera a ku Hout Bay, ndipo mu Malichi 2017 moto waukulu unawononga nyumba zambirimbiri kumeneko. Alendo ochuluka satsika pamalowa, amangojambula zithunzi ali pamwamba pa basi, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa anthu amene akujambulidwawo ali pakhomo pawo, ena akuchapa, ena akuchokera ku ntchito. Ngati mukufuna kuona derali, tsikani, yendani ndi munthu wokhala komweko amene amaperekeza alendo, perekani moni, ndipo pemphani musanaloze munthu ndi foni. Ngati simukufuna kutsika, foni ikhale m'thumba mpaka basi itadutsa.

Apa ndi pamene pali malire a basi yofiira. Njira zake zinasankhidwa kuti zidutse m'malo okongola, ndipo munthu amene amangokhala pampando akhoza kubwerera kwawo akuganiza kuti Cape Town yonse ndi mchenga woyera ndi minda ya mphesa, chonsecho anthu ochuluka a mumzindawu amakhala kutali ku Cape Flats, m'madera ngati Khayelitsha ndi Mitchells Plain. Kuti mumvetse chifukwa chake, tsikani mu Long Street n'kuyenda wapansi kupita ku District Six Museum mumsewu wa Buitenkant. Mu 1966 boma la tsankho linalengeza kuti dera la District Six ndi la azungu okha, ndipo anthu opitirira 60,000 anasamutsidwa mokakamizidwa, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Nyumba yosungiramo mbiriyi ili m'tchalitchi chakale cha Methodist, ndipo pansi pake anayalapo mapu aakulu a derali pamene anthu amene ankakhalamo analemba ndi manja awo mayina a mabanja awo pamalo pamene panali nyumba zawo. M'mwamba mwapachikidwa zikwangwani za misewu imene kulibenso. Chapafupi pomwepo pali Castle of Good Hope, linga limene Adatchi anamanga pakati pa 1666 ndi 1679, ndi City Hall, pamene Nelson Mandela anayankhula kwa khamu la anthu pa 11 Febuluwale 1990, tsiku limene anatuluka m'ndende. Mbali ina ya Long Street, mukakwera chitunda pang'ono, mufika ku Bo-Kaap, kumene kuli nyumba zopaka mitundu yowala ndi mizikiti yakale ya mbadwa za akapolo ndi anthu ena amene anabweretsedwa kuchokera ku Asia ndi madera ena a Africa. Mukamva kuphulika kwakukulu nthawi ya 12 koloko masana musachite mantha, ndi mzinga wa pa Signal Hill umene umawombedwa kusonyeza nthawi.

Mmalawi akamayenda pa Waterfront ali ndi chifukwa china choyang'anira dokolo mwachidwi. Clements Kadalie, wochokera ku Chifira m'boma la Nkhata Bay ndipo anaphunzira ku Livingstonia, ndi amene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU mumzinda uno mu 1919, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anatsogolera sitalaka ya ogwira ntchito padoko. Bungwelo linakula mpaka kufalikira m'dziko lonse la South Africa m'zaka za m'ma 1920. Lero mbali ya doko lakalelo ndi masitolo, mahotela ndi malo odyera, koma zombo zikugwirabe ntchito pafupi pomwepo. Pa Waterfront pomwepo ndi pamene pamanyamukira boti lopita ku Robben Island, kumene Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake. Ulendo umenewu suli pa tikiti ya basi, umatenga pafupifupi maola anayi kupita ndi kubwera, malo amatha msanga m'nyengo ya tchuthi, ndipo nyanja ikawinduka boti silinyamuka. Upatseni tsiku lakelake, musauphatikize ndi masiku a basi, chifukwa mudzataya theka la tikiti imene mwalipira kale. Chimodzimodzinso Cape Point ndi gombe la Boulders kumene kuli mbalame zotchedwa penguin: njira ziwirizi sizifika kumeneko, ndipo pamafunika ulendo wapadera wa tsiku lonse.

Nyengo ya ku Cape Town ndi yosemphana ndi yathu, ndipo zimenezi zimakhudza kwambiri basi yopanda denga. Mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti, pamene Disembala mpaka Febuluwale kumakhala kouma, kotentha ndiponso kwamphepo, dzuwa n'kumalowa cha m'ma 8 koloko usiku. M'nyengo yozizira chikepe cha paphiri chimathanso kutsekedwa kwa kanthawi kuti chikonzedwe, choncho funsani musanagule tikiti. M'chilimwe valani chipewa chomanga ndi chingwe, chifukwa chosamanga mphepo imachitenga basi ikangofika m'mbali mwa nyanja, ndipo dzolani mafuta oteteza khungu ku dzuwa, popeza mphepo yozizira imakunamizani kuti simukupsa. Pa basi penipeni ndi pamalo otsikira mumakhala momasuka, koma mukalowa m'misewu ya pakati pa mzinda chikwama chikhale kutsogolo, musalole munthu wosamudziwa kukuthandizani pa makina otapira ndalama, ndipo musakwere phiri wapansi muli nokha.

Amene basiyi ingawathandize kwambiri ndi banja lokhala ndi ana, makolo achikulire amene mwawaitana kuchokera kumudzi ndipo sangathe kuyenda mtunda wautali, komanso munthu amene wabwera ku msonkhano ndipo watsala ndi masiku awiri asanakwere ndege. Ngati muli anthu anayi kapena asanu ndipo mmodzi ali ndi galimoto komanso akuudziwa mzinda, kusonkherana ndalama ya mafuta kungakhale kotsika mtengo, ngakhale kuti mudzavutika kupeza poimika galimoto ku Camps Bay ndi m'munsi mwa phiri m'mwezi wa Disembala. Pewani kukwera masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ngati mungathe, chifukwa misewu ya kugombe imadzaza ndipo basi imayenda pang'onopang'ono limodzi ndi magalimoto ena onse; mwezi wa Malichi kapena Novembala mudzapeza mpando wa pamwamba mosavuta, ndipo mzere wa pa chikepe udzakhala waufupi.