Shoo ya mpira ya ku Chibavi ija, pa magemu a Loweruka ndi yabho

Amene mumasowa koonera Premier League Loweruka kuno ku Mzuzu, yesani shoo ina yoonetsa mpira ya ku Chibavi, makamaka pa magemu a 5 koloko aja, miyezi ina amayamba 4 koloko chifukwa ku England amasintha mawotchi.

Magemu amenewatu eniake ku England sawaonera pa TV. Kuli lamulo loti Loweruka kuyambira 2:45 mpaka 5:15 madzulo nthawi yakwawo mpira usamaonetsedwe live, linayamba m'ma 1960 pomwe Bob Lord, tcheyamani wa Burnley, ankaopa kuti anthu asiya kupita ku masitediyamu nkumangokhala pa TV, ndipo UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, imaloleza zimenezi pa Article 48 ya malamulo ake. Ndiye sapota wa ku London amene alibe tikiti akudikira ma highlights usiku, ife tili pa benchi tikuona chigoli chikulowa pa SuperSport.

Chovuta nchoti nthawi imeneyi magemu amayamba angapo pakamodzi, ndiye mashoo ambiri pamakhala phokoso, wa Arsenal akufuna yake wa Chelsea naye akufuna yake mpaka rimoti kulandana. Apa bambo ake a malowa anaganiza bwino, ali ndi ma TV awiri madikoda awirinso, mpira usanayambe amati kwezani manja, gemu ya anthu ambiri ndiyo imapita pa sikirini yaikulu ndi mawu, inayo pambali mwakachetechete. Magetsi akathima mnyamata wawo amathamangira jenereta pompopompo, chimachedwa ndi dikoda basi kuti iyakenso.

Zodandaula zilipo. Mvula ya Mzuzu mukuidziwa, ikangolimba chithunzi chimaduka ndipo malata amachita phokoso moti komentari siimveka. Mabenchi akumbuyo musakhaleko, pali mzati umatchinga golo imodzi yonse, akonze zimenezo chonde.

China chimandiwawa ine koma si mlandu wa bambowa. Moyale Barracks ikamasewera pa Mzuzu Stadium tsiku lomwelo umaona anyamata akutuluka mpira usanathe kuthamangira malo ku shoo, zomwe ankaopa Bob Lord zija zikuchitikira matimu athu kuno, ndipo osewera athu amamaliza gemu masapota atachepa.

Mukafuna benchi ya kutsogolo fikani mpira usanayambe ndithu, mutengenso jekete, zitseko amazisiya zotsegula ndipo mphepo imalowa osati masewera.